Kabuku ka nkhupakupa kamene kanatsekeredwa mu kompyuta

Pa zaka zonse zomwe ndinali mlangizi wa ziweto ku Magodi, ndinalemba kabuku kamodzi kokha, konena za matenda a ng'ombe obwera ndi nkhupakupa. Ndinakalemba m'Chitumbuka, poti mapepala a Chizungu alimi ankangokulungira fodya. Ntchitoyo inali ya boma, koma yokonza zithunzi ndi kusindikiza anapatsa kampani ina ya ku Lusaka. Timabuku tinabwera tochepa, mvula isanagwe tinali titatha.

Chaka chotsatira ng'ombe zinayamba kufa. Mayi wina wamasiye anapalasa njinga mpaka ku ofesi kwathu ku Lundazi. Ziwiri zinali zitamufera, kutsala imodzi yolimira.

"Monire, adada," anatero. "Mundipatseko kabuku kaja. Ka alamu anga kananyowa, masamba anamatana."

Ndinayatsa kompyuta kuti ndimusindikizire. Fayilo inakana kutseguka. Kampani ija inaisunga mu pulogalamu yogula, ndipo layisensi yathu inali itatha.

Ndinalowa kwa abwana. Ndinawakumbutsa zomwe tinamva ku msonkhano wina, zoti maofesi azigwiritsa ntchito mapulogalamu aulere omwe aliyense angaike ndi kukonza, komanso zoti cholembedwa pa ntchito ya boma chizikhala cha anthu onse.

"Zinanenedwadi," anatero abwana. "Koma kalata yolamula zimenezo mwaiona?"

"Ndiye ndikalembenso pamanja, bwana, tichite fotokope."

Anatulutsa kabuku kawo m'dilowa n'kundilozera pachikuto. "Apa akuti kukopera n'koletsedwa. Mwini wake ndani, ife kapena kampani? Ine sindidziwa. Lembani kalata, tifunse."

Sanayankhule mwankhanza. Nawonso anali ndi ng'ombe kwawo ku Chikomeni.

Ndinatuluka n'kukhala ndi mayi uja pakhonde. Ndinamufotokozera pakamwa za kutupa kwa m'khosi, za malovu, za muyezo wa mankhwala m'madzi. Anabwereza katatu, akuwerenga ndi zala.

"Njira ndi yaitali, adada," anatero. "Ndikamafika zina zidzakhala zitathawa."

Ndinamulembera muyezo wokha pakapepala, n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Kalata ndinalemba, kenako ina. Yankho silinabwere mpaka ndinapuma pa ntchito. Ng'ombe ya mayi uja ndinamva kuti inafa kulima kusanayambe. Sindidziwa ngati kabuku kakanaipulumutsa.

Mayiyo ndimakumana naye kumsika akugulitsa nsawawa. Amandilonjera mwaulemu, ine n'kugula mbale ziwiri ngakhale kunyumba zilipo.