Mbande Zomaliza za Che Amidu

Ntchito yanga yoyamba sindinaifune ndine. Anandifunira ndi mlamu wanga, atatopa kundiona nditangokhala ndwii pakhonde kwathu kwa Maganga. Chaka chimenecho ndinali nditaika m'manda mwana wanga Tadala, mmodzi yekhayo, malungo atamutenga m'masiku atatu okha. Bambo ake anali atalowera ku Joni kalekale, ngakhale foni osaimba. Kutchalitchi ndinasiya. Sindinkakana kuti Mulungu aliko, koma ndinali nditamukwiyira, ndipo ndinkafuna kuti adziwe.

Mlamuyo ankapikula mpunga ku Lifuwu. Kumeneko anamva kuti Che Amidu ndi akazi awo, Abiti Saidi, akufuna munthu wokhala nawo pakhomo n'kumawathandiza kusikimu, kuminda yothirira ya mpunga, poti ana awo onse anali kutali. Anandikweza panjinga osandifunsa kawiri.

Ine ndinakulira m'chimanga ndi chinangwa, mpunga ndinkaudziwira m'mbale basi. Tsiku loyamba ndinafika kupuloti yawo ya mpunga nditavala nsapato zanga zapulasitiki. Che Amidu, bambo wamfupi wokonda nthabwala, anandiyang'ana kumapazi n'kuseka. "Mayi, mwabwera kudzalima kapena kudzayendera?" Nsapato imodzi inatsala m'matope tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero sinapezeke.

Anandiphunzitsa kutipula ndi khasu, kutsegula madzi kuchokera m'ngalande, ndi kupondaponda dothi mpaka lisanduke phala. Kenako tinkakoka thabwa posalaza, kuti madzi aime mofanana puloti yonse, pakuti malo okwera amauma ndipo otsika amamiza mbewu. Misundu inkandimamatira m'miyendo, ine kukuwa, iwo kumangoti walira mvula walira matope. Koma nazale sankalola munthu wina kuikhudza. Mbewu anainyika okha m'madzi, n'kuifunditsa chiguduli mpaka itayamba kumera, kenako anaifesa ndi dzanja lawo atatchula dzina la Mulungu. Anandilonjeza kuti mbande zikakwanitsa masabata atatu adzandiphunzitsa kuwokera.

Sanafike tsiku limenelo. Lachisanu lina m'mawa anagwa akutuluka m'nyumba, ndipo anatsirizika tisanafike nawo kuchipatala. Monga mwa mwambo wa Chisilamu, anaikidwa masana a tsiku lomwelo. M'mawa ndinawapatsa moni, masana pakhomo panalibenso bambo.

Anthu a pamaliro atabalalika, Abiti Saidi anandiitana. "Mwanangu, ine ndalowa eda. Miyezi inayi ndi masiku khumi ndikhala pakhomo pano kulira mwamuna wanga, kusikimu sindipondako. Ukafuna kubwerera kwanu, sindikuimba mlandu."

Patatha masabata awiri mlamu anabwera ndi njinga yake, atandipezera ntchito ina yosavuta, yosamalira m'nyumba mwa aphunzitsi ena ku Salima. Ndinakana. Musaganize kuti ndinali munthu wabwino kwambiri, ayi. Kungoti ndinkadziwa mmene nyumba imazizirira olira akapita kwawo, ndipo sindikanatha kuwasiya mayi aja okha mmenemo.

Pamenepo n'kuti mbande zitapitirira mwezi. Mbewu ina panalibe, nyengo inali kutha, ndipo chakudya cha Abiti Saidi cha chaka chonse chinali panazale imeneyo. Chinanso, ngakhale sankachitchula, tonse tinkadziwa kuti mbandezo ndi zomaliza kufesedwa ndi dzanja la malemu.

Abiti Saidi anandiphunzitsa kuwokera atakhala pamkeka, akugwiritsa ntchito timitengo ta tsache pansi. Uyambe wathira madzi panazale kuti mizu isaduke pozula. Utsuke matope, umange timitolo. Poti mbande zakula kwambiri, udule nsonga za masamba ndi mpeni. Ukoke chingwe cha mfundo kuchokera mbali ina kufika ina, ndipo pamfundo iliyonse ubaye mbande ziwiri kapena zitatu, osazamitsa, kungofika pamfundo yoyamba ya chala.

Ndinawokera ndekha masiku asanu ndi limodzi, nditawerama, ndikuyenda chafutambuyo. Msana unkachita kuyaka moto. M'mapuloti oyandikana nawo munali amayi odziwa ntchitoyi kuyambira ali ana, koma ine ndi matama anga sindinafunse kanthu kwa aliyense. Sindinkafuna kuti azinena kuti wa kumtunda uja wakanika. Paja safunsa anadya phula.

Nditamaliza, thupi linakana, moti ndinagona masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinalawirira kupuloti. Mpunga wonse unali wachikasu. Masamba anali atagona pamadzi, nsonga zimene ndinadula zija zitauma ngati zawauka ndi moto. Kwathu chimanga chikafika mtundu umenewo, mlimi amangotola khasu lake n'kumapita. Ndinati basi, ndaupha ndi mpeni wanga.

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa ngalande n'kulira mokweza, kulira kumene sindinalire ngakhale pamanda a mwana wanga. Mulungu amene ndinakhala chaka osamuyankhula uja ndinamukalipira pamenepo. Ndinamufunsa ngati analemba kuti chilichonse chimene ndasamala ndi manja angawa chizifa. Kenako ndinalowa m'matope, n'kuzula phando limodzi kuti ndikawaonetse eni ake zimene ndachita. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa, koma palibe amene ankakwanira.

Ndinawapeza Abiti Saidi ali pamkeka pawo, atafunda nsalu kumutu. Ndinagwada n'kuika phandolo patsogolo pawo.

"Mayi, ndikhululukireni. Mbande za bambo ndazipha zonse."

Analinyamula, kulitembenuza uku ndi uku, kenako anati, "Tandipatsa madzi m'beseni."

Anayamba kutsuka matope pang'onopang'ono ndi zala. Mizu yakale inali yofiirira, ina itawola. Koma pamwamba pake, pozungulira tsinde, panali timizu tina tatifupi, toyera mbee, tochuluka moti sindikanatha kutiwerenga. Ndikulumbira kuti powokera timeneti panalibe.

"Alihamudulila, Mulungu atamandike, wagwira," anatero chapansipansi. "Mpunga ukauzula pomwe unamerera umayamba wadwala kaye. Masamba amafooka chifukwa mphamvu zonse zapita pansi. Bambo ako akanakhalapo akanakuseka mpaka mawa."

Atatchula bambowo anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, ndipo tinalira tonse awiri phando lili pakati pathu. Masiku onse amene ndinagona m'nyumba osatha ngakhale kudzuka, pansi pa matope, pomwe diso la munthu silifika, ntchito inali mkati puloti yonse, phando ndi phando. Sindine amene ndinaigwira, ndiponso si mayi aja. Ndinachita mantha, mantha abwino, ngati munthu amene wakhala akunena mnzake miseche kenako n'kuzindikira kuti ali pambuyo pake.

Abiti Saidi anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, n'kundiyang'ana mwaukali. "Ndiye wazuliranji chinthu chamoyo? Thamanga ukabwezere lisanaume!"

Ndinathamangadi, mayi wamkulu ndithu, phando lili m'manja. Ndinalibaya pamalo pake pomwe, ndipo ndili chiweramire m'madzimo ndinapemphera. Silinali pemphero lalitali. Ndinangoti, "Ambuye, ndaona." Patatha sabata imodzi puloti yonse inali itabiriwira.

Papita zaka tsopano, ndipo ndili ndi puloti yangayanga kusikimu komweko. Obwera kumene akathamangira kwa ine kuti mpunga wawo wafa, ndimawauza kuti asaweruze poona masamba, komanso asazule kuti atsimikize. Asunge madzi pamlingo wake, adikire. Ndimauzanso chimodzimodzi munthu amene waferedwa, ngakhale ndimadziwa kuti tsiku limenelo sangandimve.

Eda ya Abiti Saidi inatha mpunga utacha, ngala zitawerama. M'mawa wake anasamba, kuvala chitenje chatsopano, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kusikimu. Anaima m'mphepete mwa puloti akupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Kenako ananditembenukira.

"Phando lija unazula lija ndi liti?"

Ndinalowa m'munda molimba mtima, poti malowo ndinkawadziwa bwino, mzere wachitatu kuchokera kungalande. Ndinayenda mzere wonse, n'kubwereranso, ndikupatula ngala ndi manja. Sindinalipeze. Mapando onse anali olemera chimodzimodzi.