Wotchi ya Mkamwini

Msuwani wanga Agostino Phiri sadakhalepo pampando mpaka mpandowo kufunda. Tili ana kwathu ku Pembamoyo, amayi ankamutcha Sakhalitsa. Ukamutuma kudimba umamupeza kumsewu, ukamusiya kumsewu umamva kuti anthu amuona ku boma. Ine Magret ndidakula naye, ndipo pachisuwani chathu ndili ndi ufulu womunena mmene ndingafunire.

Atakula adakwatira Imelda Banda wa ku Zingalume, nakakhala pachikamwini monga mwa mwambo wathu. Mwamuna amapita kwawo kwa mkazi, amalima munda wa eni, amamanga pamalo a eni. Banja likatha amatola bulangete, n'kukwera njinga yake. Nyumba, mitengo, ngakhale ana, zonse zimatsala. Agostino sadali waulesi ayi. Adaumba njerwa, adamanga nyumba ya zipinda zitatu yofolera ndi udzu, adabzala mango kuzungulira bwalo. Koma ntchito yonseyo ankaigwira maso ali kunjira.

Chomwe ankafuna chidali chitengwa, kuti aloledwe kutenga mkazi ndi ana n'kukamanga kwawo. Chilolezocho chidali m'manja mwa a Yoweli, amalume a Imelda, eni mbumba. Chaka chilichonse akakolola, Agostino ankavala jekete lake la kutchalitchi n'kukagwada. A Yoweli sadali munthu waukali. Ankamulandira bwino, kumufunsa za ng'ombe, kumuyamikira kalimidwe, kenako n'kunena mofatsa kuti, "Tione chaka chamawa, akamwini." Chaka chamawacho chinkangosendera kutsogolo.

Mu 1996 mvula idabwera bwino pambuyo pa chilala, thonje la Agostino lidachita kuyera mbee. Iye ndi Imelda adagwirizana kuti ndalama zake agule malata, poti udzu wa padenga udali utawola. Ine nthawi imeneyo ndinkagulitsa tomato ndi tinsomba touma ta kapenta pamsika wa Chadiza. Adadzasiya njinga pabenchi langa, n'kukwera minibasi ya ku Chipata.

Mawa lake adatsika chimanjamanja, koma mkono wa malaya wakumanzere ataupinda mpaka pachigongono.

"Malata ali kuti, msuwani?" ndidamufunsa.

"Akubwera."

"Akubwera wapansi?"

Adangonditambasulira dzanja. Pamkono padali wotchi yachitsulo, yolemera, yankhope yakuda, yokhala ndi timawotchi tina titatu mkati mwake ndi timabatani m'mbali. Ndidatsegula pakamwa kuti ndimutukwane, koma iye adandiyambira. Adati m'sitolo ya mmwenye wina ku Chipata mudali mawotchi amitundu itatu. Adalipo apulasitiki, omwe amafa ndi mvula yoyamba. Adalipo agolide otsekeredwa m'galasi, oyenera nduna za boma. Ndiye padali iyi yapakatikati, yovala anthu othamanga ndi osambira, yosalowa madzi, yosasweka ikagwa.

"Usambira kuti iwe?" ndidakuwa, amayi a pamsika onse n'kucheuka. "M'chithaphwi cha kudimba? Thonje la chaka chonse walimangirira pamkono! Imelda ukamuuza chiyani?"

Adandikokera kuseri kwa benchi. Apo adalankhula motsitsa mawu. "Magret, zaka zonsezi ndalima kwa eni. Njerwa ndidaumba ndine, mango ndidabzala ndine. Tsiku lomwe adzatope nane, ndidzanyamula chiyani? Denga silikwera panjinga. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno."

Ndidamumvera chisoni, ndisaname. Koma sindidamuonetse. Ndidamuuza kuti achotse njinga yake pabenchi langa, ikunditchingira malonda.

Kumudzi adamulandira mmene mungaganizire. Amuna ankamuzungulira n'kumadina timabatani, ena akuti wagula chinthu cha mpaka kalekale, ena akuti wagula goli. Akazi ankaseka pachitsime. A Yoweli adaiyang'ana wotchiyo kamodzi, n'kunena kuti, "Yokongola," basi. Imelda sadakangane naye. Patapita masabata adabwera kumsika kudzagula mchere, nakhala pansi pambali panga. Iye amanditcha mkazi mnzake, poti msuwani wa mwamuna timamuseka kuti ndi mkazi wake woyamba.

"Akazi anzanga," adatero, "malatawo sindikuwalira. Udzu tidzamweta wina. Chikundiwawa n'chakuti munthu akayamba kugula zongovala pathupi, ndiye kuti mumtima wamanga kale katundu."

Ndidangomuwonjezera kapenta pambale.

Wotchiyo, kunena zoona, idali yabwino. Agostino adagwa nayo panjinga, idangokalika pang'ono. Adawoloka nayo mtsinje wodzaza, idapitiriza kuyenda. Mphunzitsi wina wa pa boma adaipempha kuti aione, naitembenuzatembenuza mosirira. Koma mwini wake siidamukhazike pansi. Kale ankayang'ana kunjira kokha, tsopano ankayang'ana kunjira ndi pamkono. Ankayesa nthawi yopalasa kuchoka ku Zingalume kufika ku Chadiza, mawa lake n'kufuna kuiposa, ngakhale kudalibe chomuthamangitsa. Kutchalitchi ankayesa ulaliki wa akatekisiti. Kumunda ankalima mzere umodzi, kusuzumira, kulima wina, kusuzumiranso, ngati munthu wodikira basi. Ankafika pamsika thukuta lili kamukamu, kundiuza kuti lero wafulumira kuposa dzulo, kenako n'kuima pamenepo osadziwa chimene wadzera.

Mvula itayamba mu Disembala, denga lidayamba kudontha. Lidadontha kwambiri kuchipinda cha ana. Tsiku lina ndidapita kukagula nkhuku zoti ndidzagulitse pa Khirisimasi, ndipo ndidapeza Chifundo, mwana wawo woyamba, mtsikana wa giredi seveni, akuyanika mphasa ndi mabulangete padzuwa. Pakhonde padali mlendo, Ezara, mwana wa mlongo wake wa Agostino, mnyamata wandevu kale. Adabwera kuchoka ku Pembamoyo kudzapempha mbewu ya mtedza.

Ezara adapempha wotchi ija kuti ayeseko. Idamukwana ngati adachita kumuyeza. Adaikweza m'mwamba, naiyika kukhutu, kenako adaona pokalika paja.

"Aa, amalume, mwayamba kale kuiwononga? Muziisamala. Musamalime nayo. Mukudziwa kuti imeneyi ikubwera kwa ine."

Tonse tidaseka, ngakhale Imelda. Ndi nthabwala yakale imeneyo, ndipo mkati mwake muli zoona, chifukwa kwathu kuno katundu wa mwamuna akamwalira amapita kwa ana a mlongo wake. Chifundo adaleka kuyanika.

"Ababa, nanga ine?"

"Iwe uli ndi amalume ako," Ezara adamuyankha uku akuseka. "Ukafunse kumeneko."

Ndidamuyang'ana Agostino. Sankaseka. Maso ake adachoka pamkono wa Ezara, adapita pa mphasa zonyowa zija, adakwera padenga, n'kubwereranso pamkono. Iye adagula chinthu choti chikhale chakechake, choti eni mudzi asadzachigwire. Sadaganizepo kuti chinthu chomwe eni mudzi sangachigwire, ana akenso sadzachigwira. Adalandira wotchi yake, koma sadaivale. Adaiyika m'thumba la malaya, nanyamuka kupita kukhola, komwe kudalibe ntchito iliyonse.

Chaka chisanathe adadzasiyanso njinga pabenchi langa. Ulendo uno sindidamufunse kanthu. Atabwerako adandiuza mwachidule kuti adakagulitsa wotchi ija kusitolo komwe adaigula. Wasitolo adati wotchi yovalidwa ndi yovalidwa basi, napeza pokalika paja asanaiyang'anitsitse n'komwe. Malata nawo adali atakwera mtengo, poti masiku amenewo kwacha inkasungunuka ngati mchere m'madzi. Zomwe adapeza zidangokwana malata a chipinda chimodzi.

Mpaka lero anthu a pamsika amandifunsa ngati wotchi ija idali yoyenera mtengo wake. Ena amati Agostino adapusa pogula, ena amati adapusa pogulitsa. Ine ndimakwiya nawo onse. Chitsulo chidali chabwino, wopanga sadaname. Koma msuwani wanga sankagula chodziwira nthawi. Ankagula kanthu koti akadzuka m'mawa pamudzi wa eni azinena kuti aka n'kanga, ndipo kwa miyezi ingapo adali nako. Amene sadakhalepo pachikamwini asamuweruze.

Malata adafika pangolo. Ndidapita dala tsiku lokhoma, ndikunamizira kuti ndikufunanso nkhuku. Ndidamupeza ali pamwamba, atasasula udzu wa kuchipinda cha ana, misomali ili pakamwa. Pamkono padatsala mzere woyererako pomwe padali lamba wa wotchi. Imelda adaima pansi pa makwerero atanyamula chitini cha misomali. Mbali ina yonse ya nyumba idali ya udzu wakuda womwewo.

Dzuwa litakwera, a Yoweli adatulukira ndi ndodo yawo. Adaima, naphimba maso ndi dzanja chifukwa cha kuwala kwa malata. Nkhope yawo idali yosangalala kwenikweni, yopanda chinyengo.

"Akamwini, mwagwira ntchito," adatero. "Nyumba ya mbumba yanga yakongola."

"Zikomo," adayankha Agostino ali pamwamba pomwepo.

"Ndimadziwa ine kuti tsiku lina mtima udzakhala pansi. Munthu wokhoma malata sasamukanso. Ndiye nkhani ya chitengwa ija yatha, eti?"

Hamala idaima m'malere. Ine ndidayang'ana kumbali. Kuchokera padengapo msewu wa ku boma umaoneka wonse, ndipo ndidaona Agostino akuuyang'ana nthawi yaitali. Imelda adakweza maso kwa mwamuna wake, chitini chili m'manja.

"Yatha," adatero Agostino. Kenako adawerama, natambasula dzanja. "Amake Chifundo, patseni misomali ina."