Tsiku Limene a Monitala Analemba Nsungwi

Ntchito yawo ndi yautelala, pakhonde la sitolo ya zitsulo, koma mukafunsa za telala palibe angakulozereni. Funsani za a Monitala. Dzinali analitenga ali kupulayimale, pamene aphunzitsi ankawasiyira kapepala kolembapo maina a olongolola, ndipo papita zaka makumi atatu munthu akuumvabe kukoma udindo umenewo.

Mavuto anayamba pamene wina anatsegula gulu la pafoni la onse amene anaphunzira kalasi imeneyo. Tsiku loyamba lomwelo mayi wina anatumiza moni wautali, wamavesi ndi maluwa, a Monitala n'kuyankha kuti, "Wolongolola iwe, ndakulemba." Anthu anaseka mpaka nthiti kuwawa. Kunena zoona zinali zoseketsadi, kamodzi.

Koma a Monitala mawu akuti kamodzi sawadziwa. Wina akatumiza chithunzi cha mdzukulu, ndakulemba. Wina akafunsa kogula matayala abwino, ndakulemba, kagwade kutsogolo. Mnzawo wina anawakonzera kasitika, kachithunzi kotumiza pafoni, ka nkhope yawo atakwinya, cholembera chili kukhutu, moti a Monitala anasiya n'kulemba komwe: chala chimodzi pafoni, phazi likupalasa makina. Gulu lonse linatengera. Azibambo aimvi, azimayi oti ali ndi apongozi, tsiku lonse kugwaditsana ndi kupatsana chibalo chosesa kalasi yoti inagwa kalekale. Wolowa kumene ankangoyang'ana, osaona mutu wake, n'kutulukamo mwakachetechete.

"Inu, foni imeneyi mudzasokera nayo munthu zipi kumbuyo," ankatero akazi awo. Iwo ankangoti ntchito ya monitala ilibe holide.

M'gulumo munali munthu mmodzi amene a Monitala ankamukonda zenizeni. Ankamutchula Nsungwi chifukwa cha kutalika, dalaivala wa malole, amene anakhala naye desiki imodzi zaka zinayi, ndiponso ndiye anawaperekeza pa ukwati wawo. Nsungwi sankalemba kanthu, ankangowerenga. Zimenezi zinkawapweteka a Monitala ngati mlenje amene nyama imodzi ikumuzemba.

Lachiwiri lina masana, ali ndi mapini kukamwa, akupinda siketi ya yunifolomu, foni inalira. Anaona dzina la Nsungwi, pansi pake mizere yambirimbiri. Mtima unangoti lero ndamupeza. Sanawerenge ngakhale liwu limodzi, anangodina kasitika kaja n'kubwerera ku siketi. Anzawo anakhamukira pomwepo, wina tinkhope toseka, wina "akasese ameneyo", mpaka uthengawo unakwiririka. Madzulo panatuluka kamzere kakuti Nsungwi watuluka m'gulu. "Wathawa chibalo," analemba wina, anthu n'kusekanso.

Lachisanu m'mawa akazi awo anabwereka foniyo kuti aimbire achemwali awo, ndipo monga achitira akazi a anthu, anayamba ayendamo kaye. Kenako anakhala pampando.

"Abambo, uthenga wa alamu anga a Nsungwi munauwerenga?"

"Uti?"

Anawawerengera pang'onopang'ono, kuti liwu lililonse lilowe. "Anzanga, shuga uja wandigonjetsa. Bala la kuphazi lakana kupola, adokotala akuti Lachinayi adula mwendo. Ndili ndi mantha. Amene angathe abwere adzandione." Anatembenuza foni kuti amuna awo aone yankho loyamba, nkhope yawo yomwe, cholembera kukhutu.

A Monitala anamva manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Analemba m'gulu muja kuti, "Anzanga, Nsungwi akudwala zoona, amudula mwendo, talakwa." Mphindi isanathe nkhope yawo inawabwerera kasanu ndi kamodzi. "Lero monitala walongolola yekha," anatero wina. Anapsa mtima, koma akanakalipira ndani? Ana asukulu anali atakhoza bwino zimene anawaphunzitsa.

Anavundikira makina, ulendo wa kuchipatala. M'njira monse ankayeseza mawu opepesa, koma chilichonse chobwera m'mutu chinali nthabwala. Anazindikira kuti patha zaka asanauze mnzake aliyense mawu wamba, ongoti uli bwanji.

Nsungwi anali pa bedi la pafupi ndi zenera. Munthu yemwe mapazi ake ankatulukira pa bedi lililonse, tsopano bulangete linali lophwa mbali imodzi kuyambira pabondo. Akazi ake anapereka mpando.

"Achimwene," anayamba a Monitala.

"Ndinakuimbira katatu Lolemba," anatero Nsungwi, osakweza mawu. "Sunayankhe. Ndiye ndinati ndilembe kugulu, poti n'kumene umapezeka. Enawo sindinkawafuna, ndinkafuna iweyo."

"Sindinawerenge."

"Ndikudziwa. Ukanawerenga n'kuyankha choncho, bwenzi ndikungoti ndiwe woipa, nkhani n'kutha."

Kenako Nsungwi analoza chikwama chimene chinali pansi pa bedi, akazi ake n'kutulutsamo mathalauza atatu, opindidwa bwino.

"Awa ukawadule mwendo wakumanzere, utseke pansi pa bondo. Sindikufuna telala wachilendo azindifunsa mafunso."

A Monitala anapisa m'thumba, poti tepi sasiyana nayo. Kuti ayeze bwino panafunika kugwada pambali pa bedi. Anagwada, Nsungwi n'kukweza bulangete, ndipo kwa nthawi yaitali telala uja sankatha kuona manambala a pa tepi yake.