Magazi a Bambo M'thupi la Mayi

Bambo ndi mayi anasudzulana ndili wamng'ono. Bambo anabwerera kwawo ku Thambani kumene ankakonza njinga, mayi n'kutsala pamudzi pathu kwa Kanduku. Akakumana pamaliro, mayi ankayang'ana kumbali ngati wadutsa ndi galu.

Chaka chimene ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, mayi anagwa mumtengo wa manachesi, nthambi n'kuwang'amba ntchafu. Pofika kuchipatala kuboma anali atayera m'manja. Adokotala anati pakufunika magazi msanga. Anga anawakana chifukwa cha mimbayo. Amalume atangoona singano anakumbukira kuti sanatsekere mbuzi.

Ndinatumiza uthenga ku Thambani mayi osadziwa. Bambo anafika ali fumbi lokhalokha. Panjira achinyamata a chipani anawaimitsa kufuna khadi, iwo ataiwala m'malaya ena. Anawalola kudutsa bambo atawamatira chubu cha njinga yawo.

Mayi atatsitsimuka anaona botolo likudonthera m'mkono mwawo, n'kufunsa mwini magaziwo. Ndinawauza kuti ndi a bambo.

"Zulani," mayi anauza anamwino. "Munthu ameneyu ndinamuchotsa pabwalo, ankhoswe akuona. Inu mukumulowetsanso pamkono?"

"Alowa kale, mayi," anayankha anamwinowo.

Bambo ankabwera tsiku lililonse atavala jekete. Ankakhala pabenchi chapatali, amvekere sanabwerere mayi ayi, akudzaona ngati magazi awo akusungidwa bwino. Ankanyamula chiwindi chootcha ndi bonongwe, ati magaziwo anazolowera zimenezo. Mayi ankadya atayang'ana kukhoma.

Titabwerera kumudzi, mayi anayamba kudandaula kuti sakudzimvetsa. Ankadzuka akuimba mluzu, khalidwe la bambo limene ankadana nalo zedi. Tsabola, amene kale sankamukhudza, anayamba kuthira mpaka m'phala. Tsiku lina anatenga ndodo yawo n'kunena kuti akupita ku Thambani kukakalipa. Sanabwere tsikulo, ngakhale mawa lake.

Amalume, poti anali nkhoswe, anawalondola. Anawapeza pakhonde la bambo atagwirizira gudumu, bambo akumanga masipoko, uku akukangana za amene anayamba kulakwa kale lija.

"Kodi achemwali, mwabwererana?" anafunsa amalume.

"Ndani? Ine?" anatero mayi. "Ndikungodikira kuti magaziwa athe mphamvu."

Mwezi wotsatira ndinabereka. Nditatuluka chikuta anabwera onse awiri kudzaona mdzukulu, panjinga imodzi. Mayi anali pakaliyala, atagwira bambo m'chiuno ndi manja onse, akuwauza mokweza kuti chibadwire sanadziwepo kupalasa.