Thadzi lanu silikuphedwa, achemwali

Achemwali, patha chaka chitisiyireni. Lero m'mawa ndapeza thadzi lanu lakuda likutsimphina, ulusi wa thumba la feteleza utakulunga zala mpaka kutupa. Alamu anu angoti, "Bweretsa mpeni, ndiwo zapezeka." Ndakana kwamtuwagalu.

Ndakumbuka tsiku lija kwathu ku Nsaru, ine nditapanira make wa thadzi lomweli. Inu munkadula ulusi ndi lezala pang'onopang'ono, n'kutsuka phazi m'madzi ofunda amchere, uku mukundikalipira: "Iwe, gwira bwino mapikowo! Kodi aliyense wotsimphina timamupha?" Manja anga sanaiwale. Ndadula, ndatsuka, ndapaka vaselini, ndipo ndizitero mpaka lipole. Ana anu ndikuwalera, achemwali, ndiye nkhuku yanu indikanike?