Tsiku Limene Tinaika Achemwali ndi Sukulu ya Tadala

Ndinadzuka kusanache, ndili pampando wapulasitiki, phazi limodzi likupsa ndi moto, linzake litafa ndi chisanu cha Juni. Akuluakulu amati pamaliro sagona. Ine ndikuchitira umboni kuti amagona, kungoti amagona chokhala, chipewa atachitsitsira kumaso kuti anthu aziyesa akulingalira za kufupika kwa moyo. Amuna tinali panja, titazungulira chitsa chofuka utsi wambiri kuposa moto. Amayi anali m'nyumba, pansi, atazinga bokosi la achemwali anga, nyimbo zawo zitatsika mpaka kumangomveka ngati njuchi. Cha kumsika wa Huruyadzo anyamata a makombi, maminibasi a kuno, anali atayamba kale kuitanira anthu a ku Harare. Tauni sinaime chifukwa cha ife. Ndinaikwiyira pang'ono.

Ntchito yanga yoyamba inali yomwe ndakhala ndikugwira zaka zitatu, kudzutsa Tadala. Tadala ndi mwana yekhayo wa malemuwo, wazaka khumi, ndipo samva chibadwire. Sumudzutsa ndi mawu. Umayatsa ndi kuthimitsa getsi kawiri, ndipo magetsi akakhala kulibe, monga zinalili m'mawa umenewo, umamukoka chala chakuphazi. Ndinamupeza ali maso kale, atakhala pabedi m'bulangeti. Pambali pake azakhali athu anali chiweramire, akulongedza zovala za mwanayo m'chikwama chachikulu cha mizeremizere. Ndinawafunsa. Anati akungokonza m'chipinda, alendo achuluka. Ndinawakhulupirira, ndipo ndinawathandiza kutseka zipi.

M'banja mwathu amanditcha a Pulofesa. Ndinaphunzira zamagetsi ku koleji chaka chimodzi ndi theka, kenako ine ndi kolejiyo tinaona kuti sitikugwirizana maganizo. Popeza munthu wosagwira ntchito ndi katundu wa banja lonse ngati wilibala, anandipatsa udindo woperekeza mwana kusukulu.

Sukuluyo achemwali sanaitole panjira. Anatseka benchi yawo ya tomato masiku osawerengeka, akuyenda ndi mwana padzanja. Ahedi atatu anawabweza, ndipo mmodzi mwa iwo, mwaulemu wonse, anati abwere naye akayamba kumva. Akuchimuna anamutengera kwa mneneri amene anamuthira mafuta ophikira m'makutu, ndipo chozizwitsa chimene tinaona ndi chakuti mwana ananunkhira zitumbuwa sabata yathunthu. Nthawi imeneyo Tadala ankaluma. Akafuna chinthu ife osamumvetsa, ankaluma amene ali pafupi, ndipo wosagwira ntchito ndiye amakhala pafupi. Pamapeto pake mayi wina wodzagula tomato ndiye anawauza za kalasi ya ana osamva pa pulayimale ina ya ku Seke, ulendo wa makombi awiri, kusinthira pa Town Centre. Tadala analowa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Patatha miyezi itatu anasiya kuluma. Ankabwera kunyumba manja atadzaza mawu.

Ine ndinkamudikirira kuseri kwa zenera la kalasi, mpaka aphunzitsi anatopa ndi kuona mutu wanga, nandipatsa kampando kumbuyo. Ndiyo sukulu yokhayo imene sindinathawe. Choncho pakhomo pathu odziwa kulankhula ndi manja tinali awiri, achemwali ndi ine. Achimwene athu aakulu amadziwa chizindikiro chimodzi chokha, cha "choka apa", ndipo chimenecho anabadwa nacho.

Sabata ziwiri m'mbuyomo, m'chipatala, achemwali anatiitana atatu, achimwene, azakhali ndi ine. Za nyumba kapena za benchi sanatchule. Anati, "Tadala asasiye sukulu." Achimwene anagwira pamtima. Azakhali analira, nati bola iwo ali moyo. Ine palibe ananditembenukira, poti lonjezo la wilibala palibe amalifunsa.

Dzuwa linatuluka lopanda mphamvu, ndi kamphepo konyamula fumbi ndi mapepala. Kansalu kofiira kosonyeza maliro kanali kukupiza pageti. Amayi anayamba kufika ndi zidebe kuchokera kumjigo, chifukwa mpopi wathu unamwalira kale achemwali asanadwale ndipo sitinauchitire mwambo. Kuseri kwa nyumba moto unayaka pamalo anayi. Kabichi amene anadulidwa tsiku limenelo ndi wambiri kuposa amene ndidzamuone moyo wanga wonse. Anthu ankalowa mmodzimmodzi, kugwira chanza, kunena pepani wa Chishona uja, "nematambudziko", ife n'kumayankha mpaka pakamwa kuuma. Kunafika madala a bungwe lathu la maliro, atavala majekete a nthawi ya migodi, akulankhula Chichewa chakale chija cholemera, adzukulu awo akuwayankha m'Chishona. Kunafika amayi a mvano ndi malaya awo oyera. Kunafika amayi a mumsika wa Huruyadzo, amene anatseka mabenchi theka la tsiku, ndipo amene amaudziwa msika akudziwa kuti ulemu woposa umenewo kulibe.

Alamu anga, bambo a Tadala, anali atafika dzulo lake kuchokera ku Joni, kumene anapita chaka chimene tinadziwa kuti mwana samva. Anabwera ndi jekete lachikopa ndiponso mayi awo. M'mawa umenewo alamuwo analiranso pageti mokweza, kuti amene anaphonya dzulo asadandaule. Kenako anamusisita Tadala pamutu, namufunsa mofuula ngati akuwakumbukira.

Cha m'ma naini sahwira anayamba ntchito yake. Kuno maliro sayenda popanda bwenzi la malemu loseketsa anthu, ndipo wathu anali mayi wa benchi yoyandikana ndi ya achemwali. Anavala epuloni yawo, naunjika miyala m'milu itatuitatu, nayamba kukalipira ogula osaoneka kuti asabonye tomato ngati alibe cholinga. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa kuti inali misozi iti. Kenako anayamba kupukusa manja m'mwamba, kutsanzira mmene achemwali ankalankhulira ndi mwana wawo. Anthu anagwa nazo. Tadala anandikoka malaya, nandifunsa kuti mayiyo akuti chiyani. Ndinati sakunena kanthu. Anamuyang'ananso, nagwedeza mutu, nati, "Abwere kusukulu."

Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinamugwira dzanja Tadala. Anaima nthawi yaitali, mzere wonse ukudikira kumbuyo. Kenako anandichotsa dzanja langa, nayamba kulankhula pang'onopang'ono pamwamba pa galasi la bokosi, manja ali pafupi ndi chifuwa monga amachitira akamanong'ona. Ndinayang'ana kudenga. Mawuwo sanali anga.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, galimoto ya bokosi patsogolo, basi pambuyo, lole pambuyo pake. Tinadzera pa Huruyadzo ndipo tinaima pang'ono pamaso pa benchi yopanda kanthu. Woyendetsa kombi wina anaimba hutala, mnzake anamukalipira, onse awiri anavula zipewa. Kumanda a ku Unit L tinapeza maliro ena atatu, ndipo nyimbo zinkawombana m'mwamba, aliyense akuperekeza wake m'chilankhulo chake. Mphepo inkatithira dothi m'maso, zomwe zinathandiza ena amene misozi inkawavuta.

Abusa atatha, achimwene analankhula m'malo mwa banja. Achimwene amatha kulankhula. Anati mlongo wawo anali mkango. Anati anamenyera mwana wake mpaka kumupezera sukulu, ndipo iwo ngati mwini mbumba akuuza khamu lonse kuti mwanayo sakhala wamasiye, sachoka pakhomo, ndipo ntchito imene mayi wake anaiyamba aimaliza ndi iwo. Amayi a mumsika anavomereza ndi mitu. Ine ndinagwada pamaso pa Tadala, ndipo liwu lililonse ndinalisandutsa manja, mosamala, osasiyapo kanthu. Sukulu ipitirira. Suchoka kunyumba. Anandifunsa ngati ndi zoona. Ndinati ndi zoona, manda ali chitsegukire pambali pathu. Anatapa dothi lake, naponya, nadzipukuta m'diresi.

Titabwerera tinasamba m'manja pageti, anthu anadya, basi inapita. Cha m'ma fili achibale tinaitanidwa m'chipinda chochezera, mmene munali mutachotsedwa mipando. Inali nthawi yotchula sarapavana, munthu wotsala ndi ana a malemu. Ndivomere kuti ndinali nditapukuta nsapato. Sindinayembekeze kuti anditchula ine, koma ndinkadziwa kuti aliyense amene atchulidwe adzafuna wilibala.

Achimwene anakhosomola, nati nkhaniyi akuluakulu anaimaliza kale dzulo madzulo. Ndinawerengera m'mutu. Dzulo madzulo ndi pamene anandituma kukasaka nkhuni, n'kundiuza kuti ndisathamange. Anati mwana apita ndi agogo ake akuchimuna kumudzi, kuseri kwa Mutoko, lero lomwe, poti alamu abwerera ku Joni Lamulungu. Ndinafunsa ngati kumeneko kuli kalasi ya ana osamva. Agogowo anati kuli mbuzi, kuli chitsime, ndipo mwanayo ndi wamphamvu.

Ndinati kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo mwini mbumba analankhula yekha kumanda maola atatu apitawo.

"Za ku Dedza zimenezo, a Pulofesa," anatero achimwene. "Kuno ng'ombe za malowolo zinalowa."

Achimwene ndi Mchewa weniweni pa Khirisimasi ndi pamaliro. Mwana wosamva akafuna pogona, m'chipinda chimene mwana wawo wamwamuna wongokwatira kumene wakhala akuchiyeza ndi maso, mwambo wa anzathu umawakomera mwadzidzidzi. Ndinatembenukira kwa azakhali, amene anali moyo ndithu monga analonjezera. Anali kuyang'ana zikhadabo zawo. Atadzutsa mutu anati, "Nanga sukulu imupindulira chiyani wosamva? Iwe umamva makutu onse awiri, inakufikitsa kuti?"

Anthu ena anaseka. Funsolo linali labwino. Ndikuliganizirabe.

Kenako anafika pa chifukwa chimene anandiitanira. Galimoto inali kudikira, ndipo panalibe wina wotha kumuuza mwanayo. Anamubweretsa, namuimika pakati. Alamu anandigwira paphewa ngati m'bale.

"Sekuru, muudzei kuti iholiday," anatero m'Chishona chakwawo. Ndimuuze kuti ndi tchuthi chabe, abwerako msanga, asavute m'galimoto.

Ndinagwada kachiwiri tsiku limenelo. Ndinalankhula ndi manja ndi pakamwa pomwe, kuti onse amve zimene ndikunena. Ukupita kumudzi ndi agogo. Si tchuthi. Kulibe aphunzitsi ako. Kulibe munthu wodziwa manja. Achimwene anati ndisiye zamasewera. Ndinati ndatha kale.

Tadala anandiloza, kufunsa ngati ndikupita nawo. Ndinati ayi. Anapanga chizindikiro cha manda, cha sukulu, nandilozanso. Sanaloze achimwene. Iye pakamwa pa achimwene sanamvepo kanthu chibadwire. Lonjezo lija analiona likutuluka m'manja mwanga. Ndinayesa kufotokoza kuti ine ndinangonyamula mawu a wina, koma anali atatembenuka kale, ndipo mwana wosamva akakufulatira, nkhani yatha.

Analowa m'chipinda, namenyetsa chitseko. Tinadikira. Anatuluka atavala yunifolomu, juzi yake, masokosi oyera ndi nsapato zakusukulu, chikwama cha mabuku chili kumsana. Zimenezi azakhali anali atazisiya pa hang'ala, poti kumene akupitako sizikafunika. Agogo aja anawomba m'manja, nati taonani, wakondwa. Palibe anandifunsa kuti ndimasulire, ndipo sindinadzipereke.

Anakwera kumbuyo, pambali pa chikwama cha mizeremizere chimene ndinathandiza kutseka. Ndinaima pazenera ndi kugogoda galasi. Anandiona. Anapinda manja, nawabisa m'khwapa, ndipo anakhala choncho mpaka galimoto inakhota pa ngodya.

Madzulo anthu anabalalika. Anansi anatenga mipando yawo, ena anatenga ndi yathu. Kuseri kunatsala milu inayi ya phulusa ndi masamba a kabichi. Achimwene anapita kukaperekeza madala a bungwe mpaka pa Huruyadzo, ulendo umene umatenga mphindi khumi popita ndi maola anayi pobwera. Azakhali anagona msanga, mutu ukuwapweteka.

Anthu amaganiza kuti nyumba ya mwana wosamva imakhala yachete. Sadziwa. Tadala amakoka mpando ngati akulima, amatseka kabati ngati yamulakwira, amaseka mokweza pakati pa pemphero. Madzulo amenewo ndinkamva ngakhale wotchi ya pakhoma, imene sindinkadziwa kuti imagwira ntchito. Ndinakhala pabedi lake ndi kukonzekera mmene ndikawauzire aphunzitsi Lolemba, ndili pakampando kanga kakumbuyo, koma manja ankangothera panjira.

Magetsi anabwera cha m'ma seveni. Ndinatenthetsa kabichi wotsala, ndipo ndinazindikira kuti ndatulutsa mbale ziwiri. Ndinapita pakhomo pa chipinda chake, ndinathimitsa getsi ndi kuliyatsa, kawiri. Monga katswiri wa chaka chimodzi ndi theka, ndikutsimikiza kuti switchiyo ilibe vuto lililonse.