Mpanda Wothamangitsa Ogula ku Chelstone

Ntchito yanga ndi yogulitsa nyumba za anthu. Kuno ku Lusaka amatitcha maejenti, ndipo ena akamva dzinalo amayamba agwira kaye thumba lawo. Sindiwaimba mlandu. Ine ndili ndi kaofesi mkatikati mwa tauni, pamwamba pa sitolo ya nsapato, koma anzanga ambiri pantchitoyi ofesi yawo ndi foni ndi mthunzi wa mtengo basi.

Nyumba ikakanika kugulidwa, mwini wake amati ejenti ndi waulesi, ejenti amati mwini wake wakweza mtengo, ndipo kawirikawiri onse awiri amakhala akunena zoona. Ndaonapo zambiri. Ku Woodlands nyumba ina inandigonera m'manja chifukwa wochita lendi, posafuna kusamuka, ankalandira ogula ndi nkhope yachisoni n'kuwanong'oneza kuti padenga pamayenda zinthu. Ku Kabwata ina inalengezedwa ndi maejenti ambirimbiri, aliyense ndi mtengo wake, mpaka ogula ankaganiza kuti tikugulitsa mzere wonse. Zoterezo zili ndi mankhwala ake. Koma ya ku Chelstone inandiimitsa mutu, chifukwa amene ankathamangitsa ogula anali atamwalira kale.

Mwini nyumbayo anali mayi wachikulire, namwino wopuma pantchito, wa ku Katete koma wokhala mu Lusaka kuyambira utsikana wake. Amuna awo anali atatisiya, ana atabalalika. Tsiku lina mayiwo anagwa m'bafa n'kulephera kudzuka, ndipo anakhala pansi pozizirapo mpaka mnansi wina atamva kuitana. Mwana wawo wamkazi, amene amakhala ku Chipata, anati basi zakwana: nyumba igulitsidwe, amayi awamangire kanyumba kuseri kwa yake. Mayiwo sanakane. Anandiuza okha kuti chigwereni ankasamba chitseko cha bafa chili chotsegula, ndipo ndinawamvera chisoni.

Nyumbayo inalibe vuto. Denga silinkadontha, madzi ankatuluka, kuseri kunali mapeyala ndi kadimba ka repu, mapepala onse ali m'malo mwake. Vuto linali kunja. Pa mpanda wa njerwa, kuyambira pa geti mpaka pakona, panali zilembo zofiira za Chingerezi, zazikulu moti wokwera minibasi ankaziwerenga osavala magalasi, zonena kuti nyumba ino siikugulitsidwa, chenjerani ndi akathyali.

Mawu oterewa m'Lusaka si achilendo, ndipo mpanda uliwonse wolembedwa uli ndi nkhani yake. Ya apa inali yakuti kalekale banjali linapita kumaliro kumudzi, pobwera linapeza bambo wina ali pakhonde akuyeza mawindo kuti akasoketse makatani. Akathyali anali atamugulitsa nyumbayo ndi mapepala abodza. Malemu amuna awo analimbana nayo nkhaniyo kukhoti mpaka nsapato kutha, anapambana, n'kugula penti yofiira. Analemba okha. Mizere inali yopendekeka, zilembo zomalizira zitapanikizana chifukwa mpanda unawathera, koma mvula ikangotha ankabwerezanso kupenta, chaka ndi chaka, mpaka chaka chimene anamwalira.

"Amai, ivi tizafafaniza mailo," ndinatero tsiku loyambalo, kutanthauza mawa lomwe, ndikuloza ndi makiyi a galimoto.

"Tizaona, mwanangu. Bwelani mumweko tiyi."

Ine ndinakulira ku Chilenje pakati pa anthu a kum'mawa, ndiye ndinayenera kudziwa kuti mayi wachikulire akati tidzaona, nkhaniyo yatha. Koma tiyi anali wa mkaka, ndipo ndinachoka ndikuganiza kuti tagwirizana.

Ogula oyamba anali banja la ku Kabulonga lofuna nyumba yoti liikemo anthu a lendi. Ananditsatira pambuyo ndi chigalimoto chawo chachikulu. Titafika ndinatsika ndikumwetulira mano onse pamtunda. Bamboyo anawerenga mpanda, anayang'ana ine, anawerenganso mpanda. Sanazimitse n'komwe injini. Anangokweza galasi n'kutembenuka, ine n'kutsala m'fumbi ndi nsapato zanga zatchalitchi.

Wachiwiri anali wamalonda wa ku Kopala, dera la migodi, munthu wansangala. Iye anatsika ndithu, anaima manja m'thumba, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Shani ba ejenti? Mufuna kunidya masana-sana? Nyumba yeka ikamba ati sinili pa selo."

"Ba bosi, ni vakudala ivo. Ngenani mukambe na bene bake."

"Bene bake nabeve mwabapanga? Iyayi mayo, nili na bana."

Apa ndinayamba nzeru za ejenti. Zithunzi za pa intaneti ndinajambula ndili mkati mwa mpanda. Pobwera ndi ogula ndinkaimika galimoto yanga patsogolo pa zilembozo, koma kagalimoto kanga n'kakafupi, kankangobisa mawu oyamba, a akathyali n'kumaonekera bwinobwino pambali pa dzina la kampani yanga lolembedwa pa galimotoyo. Ndinapempha mayiwo kuti tsiku lobwera ogula aziyanika mabulangete pampanda. Anayanika mosangalala, koma mphepo ya mu Ogasiti ku Lusaka siimva za malonda. Ndinayesa kulowetsa ogula pa kageti kakuseri, mayi wina n'kundifunsa ngati ndamuona ngati wogulitsa makala.

Kenaka ndinakhoma chikwangwani changa pafupi ndi geti, chonena kuti nyumba ikugulitsidwa. Ndiye panali mawu awiri otsutsana pa mpanda umodzi, ndipo anansi anasankha mbali. Malemu anali atawalangiza onse kuti aliyense wobwera ndi nkhani yogulitsa nyumbayi ndi mbava. Chikwangwani changa ndinachipeza m'ngalande. Nditabwera ndi mphunzitsi wina wofuna kuona nyumba, bambo wa kantemba kapakona anaimba mluzu, anthu n'kutuluka m'mageti ngati kwagwa ngozi. Mayi wina anali atagwira kale chikwama changa, akuti tiyeni kupolisi. Anandipulumutsa ndi mwini nyumba, amene anatulukira pa geti ndi ndodo yawo n'kunena kuti, "Musiyeni, ni mwana wanga uyu." Mphunzitsi uja ndinamuona komaliza akuthamangira minibasi.

Tsiku limenelo mtima unandikwera. Ndinalowa m'nyumba ndisanauzidwe, ndinakhala pampando ndisanapatsidwe.

"Amai, mufuna kugulisa olo simufuna? Nizabwelesa painta, nizalipila neka. Ni penti chabe."

Anandiyang'ana akusisita bondo.

"Nifuna, mwanangu. Niopa kugwanso. Koma aja ni mawu a atate awo ana. M'nyumba muno nenze kuwatsutsa tsiku lililonse, funsani aliyense. Pa ndiwo, pa ndale, pa maina a ana. Koma pa mseu, pamaso pa anthu, sininawatsutsepo. Niyambe lelo pamene sangayankhe?"

Ndinaseka, chifukwa iwonso ankaseka, koma mkwiyo wanga unathera pomwepo ndipo ndinachita manyazi ndi mawu anga a penti chabe. Vuto linali lakuti manyaziwo sanagulitse nyumba. Miyezi inali ikupita, mwana wa ku Chipata ankaimba foni mawu akunka nauma, ndipo mayiwo anali atatereranso kamodzi pakhonde, ngakhale anandilumbiritsa kuti ndisaulule. Zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala.

Nzeru inandibwerera ndili pamzere wa magalimoto pa msewu wopita ku Chelstone, ndikuwerenga mipanda ya anthu ena chifukwa chosowa chochita. Ndinaona kuti miyezi yonseyi ndinkachita ndendende zimene kathyali amachita: kubisa, kutchingira, kulowera kuseri. Wogula akapeza yekha chimene wamubisira, ngakhale chikhale chaching'ono, amayamba kukayika ndi denga lomwe.

Ndinachotsa zithunzi zonse zakale. Ndinapempha mayiwo kuti avale chitenje chawo cha chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, ndinawatulutsira mpando panja, n'kuwakhazika pansi penipeni pa zilembo zofiirazo. Anakhala mowongoka ngati akujambulitsa chiphaso. Chithunzi chimenecho ndicho ndinaika patsogolo, ndipo pansi pake ndinalemba nkhani yonse: kuti nyumbayi inabedwapo, kuti mwini wake anaiwombola kukhoti, kuti mawuwo analemba ndi malemu ndipo amayi awa ndi amene akugulitsa, bwerani muwafunse nokha, mapepala mukawaonetse kulikonse kumene mukufuna. Anansi ndinawayendera khomo ndi khomo pamodzi ndi mayiwo. Wa kantemba uja anapepesa pondipatsa chingamu.

Anzanga pantchito anandiseka kuti ndayamba kugulitsa agogo m'malo mwa nyumba. Mafoni ambiri analidi a anthu ofuna kungocheza. Koma Loweruka lina kunabwera banja lachinyamata la m'mafulati a ku Kabwata, mwamuna wogwira ntchito m'fakitale, mkazi namwino. Iwowa anali atapsapo kale: anagula puloti ku Makeni, popita kukayamba maziko n'kupeza anthu ena atatu akukanganirana malo omwewo. Kuchokera pamenepo ejenti aliyense ankamuona ngati njoka. Ine sanandipatse n'komwe dzanja. Anapita molunjika kwa mayiwo, mkaziyo anagwada powapatsa moni, ndipo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akusinthana nkhani za akathyali ndi za m'zipatala. Ine ndinali ngati mlendo pa malonda anga omwe. Zipinda anaziona pomaliza, mothamanga.

Mapepala anatenga nthawi yake, monga mwa masiku onse, koma nyumba inagulidwa.

Tsiku losamuka ndinapita kukapereka makiyi. Lole ya ku Chipata inali itadzaza kale, mipando miyendo m'mwamba, mwana wawo wamkazi akuwerengera dalaivala maola a ulendo. Eni atsopanowo anali atabwera ndi zidebe za penti yoyera kuti ayambe zipinda. Mwamunayo anavula kapu n'kuyandikira mayiwo pa geti.

"Amai, osada nkhawa na mpanda. Sitizafafaniza. Ise sitizagulisa nyumba iyi, so mau ya batate yazankala che mwamene yalili."

Ndinati mumtima, ejenti, wagwira ntchito. Aliyense wapeza chake, palibe wolira. Ndinayamba kale kukonza mmene ndikafotokozere anzanga aja kuofesi.

Mayiwo anamwetulira, anamuthokoza, kenaka anatembenukira kumpanda. Dalaivala analiza hutala. Iwo sanasunthe.

"Iyayi, mwanangu," anatero. "Alonda nyumba iyi zaka zambili. Manje ine nipite ku Chipata, iwo atsale pa mseu kulonda geti ya eni ake? Apumule. Ngati mufuna, muzalemba anu. Nipatseni bulashi."

Mwana wawo anati amayi nthawi yatha, mnyamata wogula nyumbayo anati apenta yekha mawa, ine ndinati nditha kuwathandiza. Tonse anatikanira. Anandipatsa ndodo yawo kuti ndigwire, anapinda manja a bulauzi, n'kuyambira pa geti, dzanja limodzi litatsamira njerwa. Anansi anatuluka m'mageti mwawo, koma ulendo uno panalibe woimba mluzu. Wa kantemba ndiye ankasuntha chidebe mayiwo akamasendera kutsogolo.

Penti yofiira ndi yamakani. Atafika pakona, zilembo zoyamba zinali zitayamba kale kuonekera pansi pa yoyerayo. Ndinaganiza kuti asiya. Anapempha mpando, anakhala pansi moyang'ana mpanda, nati adikira iume kuti apakenso kachiwiri. Dalaivala anazimitsa injini osauzidwa.

Miyezi yonse ija ndinkawaumiriza kuti mpandawo ufafanizidwe, koma pamene ankapaka kachiwiri ndinalephera kuyang'ana. Ndinapita kuseri kukaima pansi pa mapeyala. Nditabwerera ndinapeza mpanda uli mbee, iwo akupukuta zala ndi kansalu. Anandilanda ndodo yawo, anandigwira dzanja ndi chikhato chomata penti.

"Mwanangu, nikwezeni m'galimoto. Nikayang'ana kumbuyo munikalipile."

Sanayang'ane.